Maso Awiri pa Nsalu ya Amayi

Mwana wanga wamkazi ankakonda kubisala kuseri kwa chitseko. Ndimagwira ntchito kuno kunja kwa dziko lathu, pamalo otchedwa Malaga, kumene timapala matabwa a makabati a m'khitchini, ndipo masiku amenewo ndinkafika kunyumba dzuwa likadalipo. Iye ankamvera kulira kwa geti. Ndikatsegula chitseko ankadumpha n'kukuwa, ine n'kugwetsa chikwama dala, n'kugwira pamtima. Akatha kuseka ankapinda maondo pang'ono monga anamuphunzitsira mayi ake, n'kunena mawu a Chichewa amene ankawatha bwino kuposa onse: "Mwaswera bwanji, adadi?" Zina zonse ankayankha m'Chingerezi cha kuno, chotulukira m'mphuno.

Ine si munthu wa mawu ambiri. Masewera a pachitseko aja ndiwo anali macheza athu.

Tinamupatsa dzina la amayi anga, choncho sindinkamuitana ndi dzinalo. Munthu sungakuwe dzina la amene anakubereka pakati pa msewu. Ndinkangomuti "mayi", ndipo iye anakula akudziwa kuti kwa ine ndi mayi.

Amayi anga anali m'gulu la amayi amene amaitanidwa mkazi akamwalira m'mudzi, kuti akasambitse thupi ndi kulikulunga. Ntchitoyo anaigwira zaka zambiri ndipo sankaikamba. Anaikamba kamodzi kokha, tsiku limene ndinkatsanzika ulendo wanga womaliza wokawaona. Ankasankha mtedza woti ndinyamule, maso ali palichero.

"Ndakulunga anthu ambiri ine," anatero. "Ena m'zitenje zachipani zothetheka, nkhope ya wandale ili pamimba. Ine ndisapite choncho. Nsalu yanga ichokere kwa iwe. Yoyera, yosachapidwapo."

Ndinawauza kuti asiye kulankhula zamalodza. Iwo anaseka nati nsalu siitana imfa, imfa imadziwa yokha njira.

Nditabwerera kuno ndinapita kusitolo ya nsalu ku Cannington Loweruka lina, n'kugula mamita asanu ndi imodzi a nsalu yoyera yathonje, yokhuthala bwino. Mayi wogulitsa anafunsa ngati inali ya makatani. Ndinavomera. Sindinaitumize kumudzi. Mwana amene ali kunja akatumizira mayi ake amoyo nsalu ya maliro, anthu sasowa chonena. Akanati ndakhwimira ntchito, ndipo amayi akanangotsokomola mudzi wonse ukanandiloza chala. Ndinaipinda n'kuiika pansi m'sutikesi, pamwamba pa wadiropu, kuti ndidzapite nayo ndekha.

Kenako kunabwera matenda aja, malire n'kutsekedwa. Amayi anadwala masiku atatu okha. Maliro ndinaonera pafoni imene achemwali anga anainyamula m'manja, chithunzi chikuduka-duka, nyimbo ikufika m'zidutswa. Patapita mlungu ndinawafunsa kuti amayi anawakulunga m'chiyani. Achemwali anati zinthu zinachitika mothamanga, azaumoyo sankalola kuchedwa, ndiye anangotenga shiti ya maluwa imene inali pabedi pawo. Ndinawathokoza kuti anagwira ntchito yaikulu. Sindinatsitsenso sutikesi ija.

Mwana anali ndi zaka zinayi. Tinamuuza kuti agogo apita kumwamba. Za nsalu sitinamuuze. Mkazi wanga yekha ndiye ankadziwa.

Kumapeto kwa Okutobala, jakaranda akamachita maluwa ngati ku Lilongwe, anthu a mumsewu mwathu amayamba kukongoletsa nyumba zawo ndi imfa. Amati ndi Halowini. Pakapinga amaimika manda abodza, m'mitengo amapachika mafupa apulasitiki, pakhonde amaika dzungu lathunthu, lokwanira banja lonse, alisema mano n'kulisiya kuti liwole. Madzulo a tsiku lomaliza la mwezi ana amavala ngati mfiti ndi mizukwa n'kumagogoda m'makomo kupempha masiwiti.

Kwathu kumanda sikupitidwa mwachisawawa. Ana akapezeka akusewera maliro, wina atagona pansi anzake akumulira, masewerawo amatha ndi mkwapulo, chifukwa amati akulosera. Ine ndinakula choncho. Chaka ndi chaka tsikulo likafika ndinkatseka makatani, mwana n'kumamvera phokoso la anzake ali mkati.

Atakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, mkazi wanga anandikhazika pansi. Anati kalasi yonse ikukamba za zovala, mwana wathu yekha ndiye amangoyang'ana pansi. Anati mayi wa ku Zambia woyandikana nafe adzayenda nawo anawo dzuwa lisanalowe, msewu wathu wokhawu, ndipo palibe mfiti imene inayambapo ufiti chifukwa cha siwiti. Ndinalola, koma ndinati avale ngati gulugufe kapena namwino, za mizukwa ayi. Sindinafotokoze chifukwa. Ndinkaona ngati bambo akati ayi, ayiyo ndi wokwanira. Mkazi wanga anakagula mapiko a gulugufe kusitolo ku Morley, achikasu, okhala ndi lasitiki wa m'mapewa. Mwana anagona nawo pambali masiku atatu.

Mlungu womwewo kunayamba kutentha, ndipo mkazi wanga anatsitsa sutikesi ija kuti atulutsemo zovala zopepuka. Anaisiya pansi, yosatseka.

Tsikulo ndinafika nthawi yanga ya masiku onse. Ndinali nditagula paketi ya masiwiti, yoyamba m'moyo wanga kugulira ana a eni. Geti inalira. Ndinatsegula chitseko pang'onopang'ono, chikwama nditachigwira mokonzeka kuchigwetsa. Palibe anadumpha. Ndinasuzumira kuseri kwa chitseko, kunalibe munthu. M'nyumba munali zii.

Ndinalowa pabalaza. Pamkeka wapansi panali patagona thupi laling'ono, lowongoka, lofundidwa nsalu yoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Manja anali atapingasa pachifuwa, ankaonekera pansi pa nsaluyo. Nsaluyo ndinaizindikira nthawi yomweyo. Mizere ya mopinda muja inali ikuoneka, ndipo kapepala ka kusitolo kanali kakadali pangodya.

Ndinati, "Mayi."

Thupilo silinagwedezeke.

Sindidziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Mwina kupuma kuwiri kapena kutatu. Chimene ndikudziwa n'chakuti maliro amene ndinalephera kukafikako anali atandipeza pabalaza panga, ndipo sindinkadziwa kuti mwa amayi anga awiri wagona apo ndi uti. Masiwiti anagwa okha, osati dala.

Kenako thupilo linayamba kudzuka pang'onopang'ono, manja atatambasulira kutsogolo. Pansalu panali mabowo awiri odulidwa mokhota ndi sizasi, lina m'mwamba lina m'munsi, ndipo m'bowo limodzi munali diso likuseka. Anayamba kulira ngati mphepo, mawu akunjenjemera ndi phwete.

Ndinakoka nsaluyo mwamphamvu. Inali yaitali, anali ataizunguliza m'miyendo, moti anazungulira n'kumenyetsa mlomo pangodya ya tebulo. Asanalire ndinamumenya khofi. Ndinali ndisanamumenyepo chibadwire.

"Ukuitana maliro m'nyumba muno? Wakutuma ndani?"

Sindikhulupirira kuti mawu akuti maliro ankawadziwa. Anangondiyang'ana kumaso, dzanja lili patsaya, magazi pang'ono akutsika pachibwano. Sanalire msanga. Ankandiyang'ana ngati munthu amene watsegulira chitseko mlendo wolakwika.

Mkazi wanga analowa kuchokera kuseri kumene ankayanika zovala, mapegi akadali m'manja. Anaona nsalu, anaona mwana, anaona ine. Ananyamula mwanayo n'kupita naye kubafa.

Posakhalitsa kunamveka kugogoda. Anali mayi wa ku Zambia uja, atavala chipewa chosongoka chakuda, kumbuyo kwake kuli timfiti ndi tizigaza tonyamula zidebe.

"Ba neba, gulugufe wathu ali kuti kansi? Banzake bamuyembekeza."

Mkazi wanga anatuluka n'kumuuza kuti mwana sakupeza bwino. Mayiyo anati pepani, amusungira masiwiti. Ine ndinali nditakhala pampando, nsalu ili pamiyendo. Mapiko achikasu aja anali pampando winawo. Mwana anaima pawindo la kuchipinda kwake, atatsegula katani pang'ono, mpaka anzake anatha msewu wonse n'kubwerera.

Titatsala awiri, mkazi wanga anati kusiya sutikesi pansi kunali kulakwa kwake, ndipo akuvomera. Kenako anati, "Koma bambo, mwamenya mwana chifukwa cha nsalu imene simunamuuzepo kuti ilipo. Iye waona nsalu yoyera, basi."

Ndinkakumbukira mawu a amayi palichero paja, akuti nsalu siitana imfa. Iwo amene anagwira mitembo ndi manja awo sankaopa zimenezo. Ine amene ndinaonera maliro pafoni ndi amene ndinamenya mwana.

Mawa lake geti inalira, ndinatsegula chitseko, kuseri kunalibe munthu. Mwana anali patebulo akujambula. Anaimirira, anapinda maondo, anati mwaswera bwanji, ali patali moti dzanja langa silikanamufika. Kenako anatenga mapepala ake n'kupita kuchipinda. Mkuja wake chimodzimodzi. Mlomo unapola m'masiku anayi. Zinazo sizinapole.

Ndinkafuna kupepesa koma sindinkadziwa kuti zimayambira pati. Abambo anga sanandipepesepo ndi pakamwa. Akandimenya molakwa, tsiku limene kwaphedwa nkhuku ankatenga nthutumba, imene inali yawo monga mwini nyumba, n'kuiika m'mbale mwanga osanena kanthu. Ine ndinkadziwa kuti mlandu watha. Choncho Lamlungu ndinapita kukagula nthutumba kusitolo ya amwenye, pakuti nkhuku za kuno zimabwera zopanda zam'kati. Mkazi wanga anaphika. Patebulo ndinasankha yaikulu n'kuiika m'mbale ya mwana.

Anaiyang'ana, anayang'ana mayi ake, n'kuikankhira m'mphepete mwa mbale ndi foloko. Anafunsa chapansipansi m'Chingerezi ngati akuyenera kuidya monga chilango.

Mkazi wanga anaseka, kenako anasiya kuseka. Ine ndinatenga nthutumbayo n'kuidya ndekha. Inali yolimba.

Panapita milungu iwiri. Sindinadziwe kuti mkazi wanga anali atamufotokozera mwana za nsalu, kuti inali ya agogo, yoti apite nayo. Tsiku lina nditachokera ku ntchito ndinaipeza pabedi pathu, itapindidwa mmene mwana angapindire mamita asanu ndi imodzi. Mabowo awiri aja anali atatsekedwa. Anadula tizigamba kumalaya ake oyera a kusukulu amene anamuchepera, n'kutisokerera ndi ulusi wofiira, pakuti ndi umene unali m'singano. Misoko inali italiitali, yokhota, ina yongodutsa pamwamba. Kadontho ka magazi a mlomo kanali pomwepo, katasanduka kabulauni. Pamwamba panali kapepala kolembedwa ndi pensulo m'Chingerezi: pepani, ndakonza, tsopano agogo atha kuitenga, asamve kuzizira.

Ndinakhala pabedi nthawi yaitali. Mwanayo anali atasenza milungu iwiri maganizo akuti agogo ake akudikira nsalu kwinakwake, akuzizidwa, ndipo wachedwetsa ndi iye.

Ndinapita kuchipinda kwake n'kugogoda. Ndinakhala pansi, pakapeti, kuti ndisamutalikire. Ndinayamba m'Chichewa, pomwe chinandithera mphamvu ndinapitiriza m'Chingerezi changa cha kuntchito. Ndinamuuza za agogo ake, ntchito imene ankagwira, zimene anandipempha, ndi shiti ya maluwa. Ndinamuuza kuti agogo anapita kalekale, iye asanagwire sizasi, ndipo kumene ali sikuzizira.

"Wolakwa si iwe," ndinatero. "Amene anachedwa ndi nsaluyi ndine. Ndipo kukumenya kuja ndinalakwa. Pepa, mayi."

Anali akusewera ndi chala chake chimene singano inamubaya. Kenako anandifunsa ngati tsiku lija ndinaopadi. Ndinati ndinaopadi.

Anati n'zimene ankafuna. Anati ankadziwa kuti masiku onse ndimangonamizira, chifukwa chikwama ndinkachigwetsera pamalo amodzimodzi, pomwe palibe chosweka. Mnzake wa m'kalasi anamuuza kuti gulugufe saopseza munthu. Ndiye ankafuna kuti kamodzi kokha andiopseze zenizeni, kenako tiseke, kenako avale mapiko ake.

Ndinamuuza kuti ayambirenso kubisala, kuti ndimazikonda, kuti nyumba siikoma popanda zimenezo. Anapukusa mutu.

"Sindikufuna kuonanso nkhope ija, adadi."

Anandilola kumugwira dzanja. Madzulo amenewo anakhala pafupi nane patebulo. Ndinaganiza kuti zina zonse zibwera zokha pakapita nthawi.

Chaka chotsatira tinapita kumudzi tonse atatu kukamanga chiliza cha amayi. Chiliza chikamangidwa chimaphimbidwa ndi nsalu mpaka tsiku la mwambo, pamene abale amachivundukula anthu akuona. Achemwali anali atakonza zobwereka nsalu kutchalitchi. Ndinawauza kuti ndabwera nayo. Titaitambasula m'mawa, amayi awiri amene ankathandiza anaona zigamba zija n'kuyang'anana. Achemwali anandikokera pambali.

"Achimwene, ulendo wonsewu kutibweretsera nsalu yazigamba? Nanga maso awa ndi a chiyani?"

Ndinati ndi ntchito ya mdzukulu wa amayi, amene ali ndi dzina lawo, ndipo nsaluyo sinachapidwepo monga ananenera. Achemwali anayang'ana mwanayo, amene anaima poteropo atavala chitenje chimene chinkamuvuka. Anapitanso pansalu paja n'kusisita ulusi wofiira uja ndi chala. Anati amayi akanamasula misoko yonseyi n'kumuyambitsanso, pakuti sankalekerera ntchito yokhota. Atatero anatembenuka n'kupukuta m'maso ndi m'mphepete mwa mpango.

Nsaluyo inagona pachiliza usiku umodzi. Pa mwambo, abusa atapemphera, ine ndi achemwali tinagwira ngodya ziwiri, mwana anagwira yachitatu. Anakoka mosamala kwambiri, ngati akuopa kudzutsa munthu. Ataona dzina lake lolembedwa pamwala anabwerera m'mbuyo n'kukagwira chitenje cha mayi ake. Sanabwere kwa ine.

Nsaluyo ndinaisiyira amayi a gulu losambitsa maliro lija. Mmodzi wa iwo anati mbali yopanda zigamba ikwanira munthu wamkulu, ndipo ilipo nkhalamba ina yopanda ana imene idzaifune. Sindinafunse kuti mbali ya zigambayo achita nayo chiyani.

Titabwerera kuno, Okutobala atafika, ndinagula shiti yoyera yotchipa ku Morley. Ndinapita nayo kuntchito, ndinayeza ndi tepi mtunda wa pakati pa maso a mwana monga ndinkaukumbukira, n'kudula mabowo awiri ozungulira bwino, ofanana. Mnzanga wa pamakina anafunsa ngati ndayamba utelala. Ndinafika nayo kunyumba n'kumupatsa. Anailandira ndi manja awiri, anathokoza, anaipinda bwinobwino n'kuiika m'kabati mwake. Anati chaka chino angothandiza kugawa masiwiti pakhomo.

Ndi zimene amachita mpaka lero. Tsikulo likafika sititsekanso makatani. Iye amaima pakhomo ndi mbale, atavala zovala zake za masiku onse, n'kumayamikira timizukwa ta eni kuti taopsa kwambiri. Tina timakhala tating'ono moti timapunthwa pansalu zawo, iye n'kutidzutsa. Ine ndimakhala pampando chakumbuyo. Mapiko achikasu aja mkazi wanga anapatsa mwana wa mayi wa ku Zambia uja, wamng'onoyo.

Pano ali ndi zaka khumi. Timagwirizana. Amandionetsa za kusukulu, amandikonza Chingerezi, Chichewa chake chawonjezekera pang'ono chibwerere kumudzi. Akafuna kulowa m'chipinda chimene ndili amayamba wakhosomola kapena kugogoda, kuti ndisadzidzimuke. Palibe anamuphunzitsa zimenezo.

Geti yathu inayamba kulira kwambiri chaka chathachi, ndipo mkazi wanga wandiuza kangapo kuti ndiithire mafuta. Mafutawo alipo, ndimagwira nawo ntchito tsiku lililonse. Sindinaithire. Ndikafika madzulo ndimaitsegula kuti imveke, ndimayenda mpaka pakhomo, ndimasamutsira chikwama kudzanja lamanzere. Kenako ndimatsegula chitseko pang'onopang'ono, kuti ngati kuseri kuli munthu ndisamupweteke.